Winfrida ndi Foni Yokana Simu

Winfrida analowetsa simu m'foni imene anali atangogula, foni n'kuikana. Anaichotsa, naipukuta pachitenje, nailowetsanso. Inakananso. Apo n'kuti dalaivala wathiraki amene anamugulitsa foniyo pamsewu waukulu wa Kafue atapita kalekale.

Mtsikanayu ankakhala ku Nangongwe ndi atate ake, ba Whiteson, amene anagwira ntchito kunjanji mpaka maso awo atafooka. M'mawa ankagulitsa vitumbuwa pasiteshoni, masana n'kumaphunzira zauphunzitsi pa intaneti, kukoleji ina ya ku Lusaka. Chinatsala kuti amalize chinali lipoti la kafukufuku basi. Koma tsiku lina mu minibasi anthu anamubera laputopu, lipoti lonse lili momwemo. Ba Whiteson anagulitsa njinga yawo kuti mwana apeze poyambira, ndipo ndalama zake n'zimene zinagula foni ija.

Anathamangira nayo kwa Mabvuto, wokonza mafoni kumsika. Mabvuto anaitembenuza, napukusa mutu.

"Ba sista, iyi niyokhoma. Kampani yakunja inaimangilila ku netiweki yake yeka. Simu ya muno siingasebenze."

"Manje simungaikhomole?"

"Ningayese, koma izi zambili zimafela m'manja. Ikafa osanilila ine. Pa wayifayi peka ndiye izasebenza."

Winfrida anabwerera kunyumba. Anauza atate ake zonse, akudikira kukalipiridwa. Mdalayo anangofunsa, "Nanga kulemba, ilemba?"

"Ilemba, ba tata."

"Ndiye walilira chani? Lemba."

Anagula kiyibodi yakale yosowa batani limodzi, ndi kachingwe kolumikizira kufoni. Polembanso lipoti lija, foni ankaitsamiritsa pachitini cha shuga. Zilembo zinali zing'onozing'ono, maso ankawawa, khosi linkauma. Akafuna intaneti ankapita kutchalitchi kwawo, kumene anamulola kukhala pakhonde la ofesi n'kugwira wayifayi. Anzake akukoleji ankamuuza kuti angodikira chaka chamawa, popeza palibe amene analembapo lipoti lotere pafoni. Koma chaka chamawa chinkafuna fizi ina, ndipo kunyumba kunalibenso chogulitsa.

Tsiku lomaliza kutumiza linafika iye akukonzabe masamba otsiriza. Koleji inali itanena kuti ikangokwana nthawi yoweruka, khomo la pa intaneti litsekedwa. Atamaliza anathamangira kutchalitchi, n'kupeza malaiti apita tauni yonse. Wayifayi zii. Batire nalo linali litayamba kufiira.

Analowa mumsika akupempha aliyense wa foni yaikulu kuti amugawireko intaneti. Wina anati bandulo yatha. Wina anabisa foni m'thumba, akumuyang'ana ngati wakuba. Mabvuto anali atatseka. Dzuwa linali litapendeka.

"Iwe wa vitumbuwa, shani? Chavuta n'chani, wafelewa?"

Anali ba Violet, mayi wogulitsa nsomba zochokera ku Chanyanya. Winfrida anafotokoza mawu akudukaduka. Mayiyo anapukuta manja, natulutsa foni pachifuwa.

"Ine ivo va hotisipoti siniviziba. Chita weka, koma uchitile pamene pano."

Winfrida anagwada pambali pa beseni la nsomba, nalumikiza mafoni awiriwo. Lipoti linayamba kukwera, kamzere kakukwawa pang'onopang'ono. Katafika pakati, foni ya ba Violet inalira, kamzere n'kuima.

Anali msodzi amene amawasungira nsomba. Akapanda kuyankhidwa, amagulitsa kwa ena.

"Ba mayo, mukayankha vizaduka," anatero Winfrida, mawu ali pansi. Sanathe kupempha zoposa pamenepo. Ankadziwa kuti mayiyu amadyetsa ana ndi nsomba zomwezo.

Ba Violet anayang'ana foni, nayang'ana mtsikana wogwada m'madzi a nsomba uja. Anadula. Msodzi anaimbanso, iwo anadulanso.

"Nsomba ziliko na mailo, sizisila lelo. Tuma vinthu vako."

Kamzere kanayambanso kuyenda. Foni ya Winfrida inachenjeza kuti izima posachedwa, kuwala kwake n'kuchepa. Amayi a mabenchi oyandikana anasiya kuitana makasitomala, nazungulira. Wina anayamba kupemphera mokweza. Winfrida anangoti maso pa kamzere kaja.

Kenako panabwera uthenga woti lipoti lalandiridwa. Asanamalize kuuwerenga, foni inazima.

Anakhala pansi pomwepo n'kulira, amayi aja akululutira ngati paukwati. Tsiku lotsatira benchi la ba Violet linali lopanda nsomba, chifukwa msodzi uja anagulitsadi kwina. Winfrida atapita kukapepesa, mayiyo anangoti, "Ukapase chabe."

Anakhozadi. Lero ndi mphunzitsi pasukulu ina ya ku Kafue Estates. Loweruka lililonse amasonkhanitsa achinyamata amene analekeza sukulu ndi amayi amumsika, n'kuwaphunzitsa kulemba makalata ofunsira ntchito ndi kuchita maphunziro pafoni. Wina akadandaula kuti alibe laputopu, iye amamuuza kuti, "Leta kuno foni yamene uli nayo, tiyambe."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwagwira chinthu choperewera, chimene ena akuti n'chachabe. Mwina munanyengedwa, mwina anakuberani, ndipo mukudikira kuti zonse zikwanire kaye. Nthawi siidikira zimenezo. Yambani ndi chomwe chili m'manja mwanu, ndipo zikathina musachite manyazi kupempha, chifukwa wokuthandizani akhoza kukhala munthu amene mumangomudutsa tsiku ndi tsiku. Mtima wokhawo musautaye.