Nandolo wa Abiti Saidi ndi Ndowe za Chipembere

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndowe za chipembere zinandipulumutsa ku mkwapulo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Katuli, kufupi ndi malire a Mozambiki, ndipo pamudzi ponse panalibe mtsikana wapakamwa ngati ine. Sindibisa, ndinali wolongolola.

Tsiku lina ndinakangana pachitsime ndi Abiti Saidi, mayi amene munda wawo wa nandolo unachita malire ndi wathu cha kudambo. Anachotsa ndowa yanga pamzere, ine n'kuwauza pamaso pa anthu kuti adzaona. Chimene adzaonecho ngakhale ine sindinkachidziwa. Patapita masiku awiri anapeza nandolo wawo atadulidwa nsonga, mizere yathunthu, nthambi iliyonse yodulidwa mopendekera ngati ndi mpeni wakuthwa. Tsoka ilo, mudzi wonse unkadziwa kuti ndinali ndi kampeni katsopano kosendera chinangwa.

Mayi anga anamva nkhaniyi akuchokera kokonzekera magule a chipani, thukuta lili kamukamu. Sanandifunse kanthu. Anathyola mkwapulo wa bwemba n'kunena kuti tipite kumunda komweko akandikwapule Abiti Saidi akuona. Zikwapu sindinkaziopa, ndinali nditazizolowera. Chinandiwawa n'chakuti ndinalumbira Wallahi katatu konse, koma mayi anga ondibala osandikhulupirira.

Panjira tinakumana ndi amalume anga, Che Bwanali, amene paunyamata wawo ankanyamula katundu wa alonda a zinyama ku Kasungu. Anthu ankawaseka kuti nkhani zawo za m'tchire amazithira mchere wambiri. Anatitsatira osaitanidwa. Titafika tinawapeza Abiti Saidi ali pomwepo, ndipo amalume anagwira nthambi imodzi, anaiyang'anitsitsa, kenaka anayamba kuyenda chowerama ngati ataya singano. Galu wamkota sakandira pachabe. M'matope a m'mphepete mwa dambo anationetsa phazi lalikulu ngati mbale, la zala zitatu.

Anati ichi ndi chipembere, mwina chathawa mfuti za nkhondo kutsidya kwa malire. Abiti Saidi anaseka chikhakhali, amvekere mlongo wa mayi wa mwana angalephere bwanji kupeka nyama yoti isenze mlandu. Amalume sanakwiye. Anafotokoza kuti chipembere cha mtundu uwu sichidya udzu ngati ng'ombe. Chimakoka nthambi ndi mlomo wam'mwamba wosongoka, mano n'kudula mopendekera. Chimayenda chokha, chimadya kukazizira, ndipo dzuwa likakwera chimagubuduka m'matope n'kukagona pamthunzi. Maso ake ndi ofooka, koma mphuno ndi makutu usaseweretse. Atatero anatapa fumbi, n'kulitaya pang'onopang'ono kuti aone kolowera mphepo, ndipo anatiuza kuti tiziyenda mphepoyo ikutiomba kumaso.

Umboni weniweni anati uli kuchimbudzi chake, pakuti chipembere chimabwerera malo amodzimodzi, chikatha n'kupalasa ndi miyendo yakumbuyo. Tinaupezadi mulu wake pansi pa mtengo wa mthethe, ukununkha ngati masamba ovunda, ntchentche zili ng'waa, pambali pake mizere iwiri yopalasidwa. Amalume anafukula ndi kamtengo. M'katimo munali tizidutswa ta nthambi za nandolo, tonse todulidwa mopendekera.

"Abiti Saidi," anatero amalume, "ngati mwanayu ndiye wadula nandolo wanu, ndiye kuti anadyanso mitengo yake n'kubwera kudzadzithandiza pano."

Abiti Saidi anaphimba kukamwa ndi nsalu. Ine mtima unali mbee, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuyankhula zanga zija. Ndisanatsegule pakamwa, m'chitsamba chowirira patsogolo pathu munamveka kufwenthera kwamphamvu, timbalame n'kuuluka tikulira. Sindinaone nyanga kapena khutu. Ndinangomva dzanja la mayi anga litandigwira pamkono mwamphamvu n'kundikokera kumbuyo kwawo. Tinabwerera chafutambuyo, amalume akutiletsa ndi dzanja kuti tisathamange. Titafika panjira ndinaona kuti mkwapulo uja unatsala pamulu wa ndowe.

Amalume sakanalola mwayi wotero kuwadutsa. Anati mlongo wawo ndi chipembere ndithu: saona patali, amathamangira chinthu asanachionetsetse, koma mwana wake amakhala kumbuyo ndipo wofuna kumukhudza ayambe wakumana ndi mayi. Mayi anga anangowatsonya. Patatha sabata mapazi aja analowera kumapiri, ndipo sitinamvenso za nyamayo.

Lero dambo lija ndi minda ya chimanga, mthethe uja unapita kalekale ndi makala, ndipo zipembere zili m'kati mwa waya ku Liwonde. Chaka chatha ndinapitako ndi adzukulu anga. Chipembere sitinachione, koma mlonda ataima pa chitsamba chodulidwa mopendekera kuti atifunse ngati tikudziwa chimene chinadula, ndinamuyankha asanamalize funso, ndipo ndinamuuzanso kuti atitengere kuchimbudzi cha nyamayo. Pakamwa panga mpaka pano sipanasinthe.

Mayi anga anamwalira osanenapo kuti pepa pa nkhani ya nandolo ija, ndipo ine sindinawadikire kuti anene. Zala zawo zinasiya zidindo pamkono wanga masiku atatu, ndipo tsiku lililonse ndinkapita kuchitsime nditapinda mkono wa diresi kuti aliyense azione.