A Ghattas Labib, Wophika Mkate wa Misa, Amene Anabwerera Kunyumba

Akuluakulu a komiti ya tchalitchi chathu anapempha kuti m'kalata ya mpingo ya mwezi uno mulembedwe mbiri ya malemu a Ghattas Labib. Anati ilembedwe mwaulemu. Ilembedwa mwaulemu, koma ilembedwanso moona, pakuti ena mwa amene analira mokweza pa maliro ndi omwewo amene ankaseka chammbali malemuwo akamadutsa.

A Ghattas anabadwira m'mudzi muno, kutsidya kwa ngalande yaikulu, m'banja lolima anyezi pa munda wa eni. Bambo awo anamwalira iwo akadali ndi mano a mkaka, kamtanda ka Chikhristu kamene anawatema pa mkono kasanapole n'komwe. Sukulu anangoilawa. Mayi awo anawapereka kwa nkhalamba imene inkaphika mkate wa Misa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, kamene timakatcha Betelehemu, kuti azitola mapesi a thonje osonkhera uvuni. Kumeneko anaphunzira zonse: ufa wa tirigu woyera, madzi ndi chotupitsa, popanda mchere, kukanda uku pakamwa pakutuluka masalimo, kudinda chidindo ndi kuboola mabowo asanu a mabala a Ambuye. Anaphunziranso kuti wophika amalowamo atasamba, ali woyera thupi, ndiponso kuti dzulo lake sayandikira mkazi. Nkhalamba ija itamwalira, chidindo chinagwera m'manja mwawo. Malipiro ake anali oti munthu sangawatchule popanda manyazi, choncho masana ankagwira ganyu m'minda ya anthu. Akafunsidwa ngati satopa, ankati, "Ufa ukamva kuti wophika watopa, sutupa."

Anakwatira Tahani, mwana wa kalipentala, mkazi wa pakamwa pakuthwa ndi mtima wofewa. Malamulo a kusala ankawasunga onse, ndipo tonse tikudziwa kuti masiku athu osala amadya theka la chaka n'kupitirira, ndi kuti pa masiku amenewo mwamuna ndi mkazi amagona motalikirana. Kuwonjeza apo masiku ophika. Tahani ankawanena pamaso pa alendo.

"Ine ndinakwatiwa ndi theka la mwamuna. Theka linalo linakwatira uvuni."

"Koma theka lako ndi lonona, mayi a Milad," ankayankha motero, osatukula mutu.

Pasaka ikafika, Kusala Kwakukulu kutatha, Tahani ankadetsa zikope zake ndi utoto wakuda n'kuvala diresi lake lobiriwira. Anansi akaona diresi limenelo ankaitana ana awo kuti asakagogode kwa a Ghattas. Mwana wawo woyamba anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba asanayambe kuyenda, ndipo m'mawa mwa tsiku lotsatira maliro mkate unapsa pa nthawi yake, ngakhale wophikayo ankakanda misozi ili mbwembwembwe. Anatsala ndi awiri: Milad, amene anapita kukagwira ntchito ku Kuwait, ndi Nadia, amene anakwatiwa ku Cairo.

Imvi zitadzaza mutu, mikodzo inayamba kuwavuta. Milad anawaumiriza pa foni mpaka anapita ku chipatala ku Asyut, kumene anawapeza ndi khansa m'kachiwalo kamene kamakhala pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna, kamene madokotala amati pulositeti. Dokotala anati kachotsedwe. A Ghattas atafunsa ngati adzakhala monga kale, iye anati, "Zina ndi zina zisintha pang'ono, amalume," maso ali pa wotchi. Anthu amenewa kudula amadziwa, kufotokoza amasiyira Mulungu.

Anawachita opaleshoni Kusala Kwakukulu kuli pafupi kuyamba. Anabwera kunyumba ndi kapaipi ndi thumba la mikodzo pansi pa mkanjo. Tahani ndiye ankakhuthula thumbalo ndi kuwasambitsa. Kapaipi katachotsedwa, mikodzo inkangodzitulukira ngati ya khanda, ndipo mkaziyo anawasokera timatewera kuchokera ku matumba akale a ufa. Pang'ono ndi pang'ono vuto limenelo linachepa, n'kutsala timadontho akatsokomola kapena akanyamula katundu. Koma panali china. Thupi lawo lachimuna linafupika n'kungogona, osadzukanso ngakhale mbandakucha. Chilakolako chokha chinatsala, ndipo ndicho chinkawawa koposa bala. Atabwerera ku chipatala n'kufunsa monong'ona, dokotala anati mitsempha ya pamenepo inakhudzidwa, umuna sudzatulukanso mpaka kale, ndipo mphamvu mwina zibwerera, mwina ayi. Anawapatsa mapiritsi amene anangowapweteketsa mutu. Sanauze munthu. Masiku osala ankawabisa bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo ankaopa Pasaka.

Pasaka inafika. Masana ake Tahani anaika patebulo nyama ndi mpunga wa adyo, atavala diresi lobiriwira lija. A Ghattas anadya pang'ono, n'kupukuta manja nthawi yaitali.

"Mayi a Milad, ine ndalumbira kwa Mulungu. Kusala kwanga sikutha."

"Kusala nyama? Nanga mwadyazi ndi nyemba?"

"Kusala kwinako."

Tahani anaika supuni pansi. "Mpaka liti?"

"Mpaka Mwini wake atanena."

Tsiku lomwelo anatenga bulangete lawo n'kukayala pa benchi la pakhomo la Betelehemu, nayambiranso kuphika, atamanga kathewera pansi pa mkanjo ndi kusamba kawiri kawiri mpaka khungu kusuwa.

Mudzi wathu ukamva za munthu amene wasiya bedi la mkazi wake chifukwa cha Mulungu, sufunsa kawiri. Tinaleredwa ndi nkhani za amonke a m'chipululu. Sabata isanathe anthu anayamba kunena kuti Mulungu anawachiritsa khansa ndipo iwo amubwezera thupi lawo lonse. Amayi ankabwera ndi makanda kuti awasanjike manja. Amuna amene kale sankawapatsa ndi moni yemwe anayamba kuwapsompsona dzanja, ndipo patsogolo pa onse panali a Fawzi, mkulu wa komiti. Mikate yotsala pa Misa inkatha anthu akulimbirana. Kwa Tahani akazi ankati, "Wodala iwe, wakhala ndi woyera mtima," koma akapotoloka ankafunsana kuti kodi anachita chiyani kuti mwamuna athawire ku tchalitchi. Iye anawonda. Tsiku ndi tsiku ankabweretsa chakudya cha masana, n'kuchisiya pakhomo, pakuti mkazi salowa m'Betelehemu. Nyengo yachisanu inadutsa, Pasaka ina inadutsa, diresi lobiriwira lili m'bokosi. Ndipo a Ghattas, nthawi iliyonse milomo ya munthu ikakhudza dzanja lawo, ankamva ngati agwira chitsulo cha uvuni.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Tahani anaika mbale pansi koma sanachoke.

"Bambo a Milad, Nadia akuti ndipite ndikakhale naye ku Cairo. Akuti mkazi wamasiye sakhala yekha."

"Wamasiye ndani? Ine ndili moyo."

"Ndinamuuza zomwezo. Anati, nanga ali kuti?"

A Ghattas anangoyang'ana phulusa.

"Ndikwera sitima ikatha Misa ya Lamulungu," anatero Tahani. "Sindikukana lumbiro lanu. Ndi Mulungu sindingalimbane. Koma ndiuzeni chimodzi ndisanapite, kuti ndikalape. Ndinakulakwirani chiyani? Kapena ndikununkha ukalamba?"

Anthu amati a Ghattas sanalirepo mokweza ngakhale pa maliro a mwana wawo. Tsiku limenelo anakhala pansi pa chiundo, iwo mkati, mkazi wawo kunja, nalira.

"Palibe lumbiro, Tahani. Sindinalumbire kanthu. Mpeni uja unatenga zonse. Ine sindinenso mwamuna."



"Zimenezo basi?" anafunsa Tahani.

"Ndi zochepa?"

"Kodi amene ankakusambitsani miyezi yonse ija anali mlendo? Mumayesa ndilibe maso? Ndinadziwa inu musanadziwe. Diresi lija ndinavala kuti muone kuti palibe chasintha kwa ine. Ine kumaganiza kuti ndalandidwa mwamuna ndi Mulungu, kani ndalandidwa ndi manyazi. Mwandigoneka ndekha chisanu chonse chija chifukwa cha kanyama kosakwana ndi nkhomaliro ya mphaka. Theka langa lija, bambo inu, linali msana wanu wofunda ndi mkonono wanu woipawo. Zinazo zinali zapamwamba chabe."

A Ghattas anapita kukalapa kwa Abuna Yostos, wansembe wathu. Abuna anawauza kuti matenda si tchimo, kuti bodza ndilo tchimo, ndipo labodzalo lakhululukidwa. "Bwererani kunyumba. Anthu muwauze kuti nthawi ya lumbiro yakwana. Zinazo si za mudzi."

"Abuna, anthu apsompsona dzanja ili chifukwa cha chinthu chimene kulibe. Ndipo mkazi wanga amunena. Ndikachoka mwakachetechete, azimunenabe."

"Mukuwadziwa anthu athu?"

"Ndawadyetsa mkate kuyambira ndili mwana. Ndikuwadziwa."

Lamulungu limenelo Misa itatha, pa chipata pamene anthu amatengera mikate, a Fawzi anawerama kuti awapsompsone dzanja. A Ghattas analibweza, nalankhula mosakweza mawu, koma onse anamva.

"Musatero, a Fawzi. Ine si mmonke. Opaleshoni ija inandisiya wopanda mphamvu za m'banja, ndipo mikodzo imandidontha. Ndinachita manyazi, ndinanamizira Mulungu, ndinazunza mkazi wosalakwa. Mundikhululukire nonse."

Anapinda bulangete lawo n'kupita kwawo. Tahani sanakwere sitima.

Chimene chinatsatira chikhale pa mitu ya amene anachichita. Amayi aja anasiya kubweretsa makanda. Mikate inayamba kutsala m'dengu, anthu akunong'onezana kuti wophika wodontha wakhala akukanda chakudya cha pa guwa. A komiti anakhala pansi. Abuna anawaikira kumbuyo a Ghattas mwamphamvu, nati munthu wosamba ndi wovala bwino ndi woyera, koma mpingo unayamba kugawikana. Pofuna kuti wansembe asadane ndi nkhosa zake chifukwa cha iwo, a Ghattas anatenga chidindo chija, anachipsompsona, nachipereka okha. Anapempha chinthu chimodzi, kuti aziloledwa kutola mapesi a thonje osonkhera uvuni. Ntchito imene anayamba nayo ali mwana ndi imene anamaliza nayo.

Akamadutsa ndi mtolo wawo pamalo omwera tiyi, sipankalephera wina woponya mawu.

"Amalume a Ghattas, uvuni wa kunyumba uli bwanji? Akuti unazima."

"Unazimadi, mwananga," ankayankha. "Koma m'nyumba mukadali mofunda. Ukapereke moni kwa bambo ako."

Liwu loti gojo analimva kwa ana amene iwo anawasanjika manja. Sanadandaule kwa munthu. Ndipo pali china chimene a komiti sakonda kuti chitchulidwe. M'zaka zotsatira amuna achikulire a m'mudzi muno ndi midzi yoyandikana, amene madokotala anawapeza ndi nthenda yomweyo, ankabwera kwa a Ghattas kudzera khomo la kumbuyo. Iwo ankawauza zonse mosabisa: za kapaipi, za timatewera, kuti ena mphamvu zimabwerera ndipo ena ayi, kuti afunse dokotala mpaka atayankha ngakhale ayang'ane wotchi. Pomaliza ankati, "Koma uuze mkazi wako lero. Ine ndinataya chaka, ndipo palibe msika wogulako chaka." Ena mwa amuna amenewo akakumana nawo masana pamsewu ankayang'ana kumbali.

Za m'nyumba mwa awiriwo ndi zawo. Chimene anansi anaona n'chakuti Pasaka iliyonse diresi lobiriwira linkatuluka m'bokosi, ndipo Tahani anayambiranso kunenepa ndi kulalata.

Khansa ija inabwerera, n'kulowa m'mafupa. Anapirira ululu monga anapiririra zina zonse. Sabata ya Pasaka ya chaka chino analandira Ukaristia kunyumba, ndipo masana a tsiku lotsatira, ali gone pa bedi lawo, mutu uli pa miyendo ya mkazi wawo, anafunsa ndi mawu otsika.

"Diresi lija ukadali nalo?"

"Ndalivala, bambo inu. Simukuona?"

"Ndikuona," anatero, natseka maso ngati munthu amene watsiriza kuphika.

Maliro atatha, a Fawzi ndi anzawo anapita kwa Tahani kukamuuza kuti mpingo ulemba mbiri ya mwamuna wake, ndi kuti pofuna kusunga ulemu wa malemu, zochititsa manyazi zija azisiya, angolemba kuti pa ukalamba wawo anakhala ngati mmonke pakhomo la Betelehemu. Tahani anawathirira tiyi, nadikira kuti amwe.

"Chaka chimenecho ndicho chokha chimene mwamuna wanga anachimwa," anatero. "Ngati mukufuna ulemu wake, lembani kuti anabwerera kunyumba."

Zalembedwa monga ananenera mwini wake. Ambuye awapumitse a Ghattas Labib pamodzi ndi oyera ake, ndipo atonthoze Tahani, amene tsopano akugona yekha popanda womunamiza.