Chilumba Chimene Sindinapiteko

"Ulendo saulengeza pampopi," anandichenjeza Amama uku akundiluka tsitsi pakhonde. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Katondo. Inali nyengo ya mphepo, pamene fumbi lakuda lochokera ku milu ya mgodi linkalowa m'mano, m'mabulangete, ngakhale mumtsuko wovundikira.

Amama ankachapa zovala kwa adona ena, mkazi wa bwana wa kumgodi. Banjalo linkakonzekera tchuthi pachilumba china m'nyanja ya mchere, ndipo linkafuna kamtsikana kolera khanda lawo. Anasankha ine. Adona anandionetsa chithunzi: mchenga woyera ngati ufa, mitengo ya kokonati yowerama, tinyumba taudzu toimirira pamwamba pa madzi, popanda munthu ngakhale mmodzi. Ine madzi ambiri amene ndinkawadziwa anali a mumtsinje wa Mulungushi basi.

Chinsinsicho ndinachisunga masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinachikhuthula chonse pampopi, chidebe chisanadzaze n'komwe. Amake Tisa, oyandikana nafe nyumba, anaseka. "Iwe, ukatitengereko mchere kumeneko. Kumaliketi wadula."

Sabata isanathe, adona anatumiza mawu kuti amva zoti ndimakodza pogona, ndiye atenga Tisa. Diresi imene Amama anandisokera inalowa m'sutikesi pansi pa bedi, mphepo n'kupitiriza kugwedeza malata. Tisa anabwerako atada bii ndi dzuwa, atanyamula chigoba cha nkhono chimene ana onse ankachiika kukhutu mosinthana. Ine sindinachikhudze. Amake Tisa, poganiza kuti ndiwo anakandinenera kwa adona, ndinasiya kuwapatsa moni mpaka anasamuka.

Zoona ndinazimva ndili ndi ana anayi, Amama akudwala komaliza. "Zokodza zija ndinanena ndine," anatero, maso ali kudenga. "Mwana wanga awoloke nyanja ndi anthu amene sadziwa n'komwe dzina langa?"

Ndili mwana ndinkayesa kuti wokutsekera njira amakhala kuseri kwa mpanda. Lero ndikudziwa kuti angakhale yemweyo amene amakufunditsa ukamanjenjemera, ndipo mpaka pano sindinganene ngati anandibera kapena anandipulumutsa. Ndatopa nako kuganiza.

Tsopano ndimakhala ndekha ku Natuseko, zidzukulu zili kutali, mawondo nawonso anandikana. Mukamadutsa, gogodaniko muone ngati ndadzuka. Ndiyamba ndasuzumira pawindo ndisanatsegule, koma musachoke msanga.