Oyilo Amene Anatontholetsa Chigayo cha Bambo

Ndikukumbukira bwinobwino, ndipo wina asanditsutse. Ndinali ndisanayambe n'kumera ndevu komwe pamene bambo anagula chigayo cha dizilo kwathu ku Mkanda. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, koma za injini musandiyese, ndinaziphunzira ndi khutu ndi zala zangazi.

Injini imeneyo inali yakale, yoliza ndi hendulo. Ikalira inkamveka mpaka kudambo, ndipo chaka chimenecho inayamba kugogoda mkati, kho kho kho, ngati munthu akukhoma msomali. Ntchito yanga inali kuthira madzi m'mgolo woziziritsa injini ndi kuona oyilo pa kachitsulo koyezera. Bambo anali atanena kuti tikamaliza kukolola aitana makaniko wa ku boma adzaitsegule. Chakudya chathu, zovala zathu, zonse zinkachokera pa chigayocho.

Tsono bambo anali mkamwini. Chigayo chinali chawo, inde, koma malo anali a kwa amayi, ndipo pamudzipo mawu anali a amalume, mchimwene wawo wa amayi. Nyumba ya amalumewo inayang'anizana ndi chigayo, ndiye phokosolo linkawasowetsa mtendere.

Tsiku lina amalume anatulukira ndi chigubu cha oyilo panjinga. Anati awapatsa ndi mnzawo woyendetsa malole a ku Chipata. Nditatsegula ndinamva fungo lonunkha ngati dzira loola, ndipo oyiloyo ankatsika pang'onopang'ono ngati uchi.

"Alamu, thirani uyu," anatero amalume, amayi odzagayitsa akumva. "Uyu ndi wa malole, osati timadzi tanuto."

"Ameneyu ndi wa m'magiya, alamu," bambo anayankha chapansipansi.

"Magiya si chitsulo? Injini si chitsulo? Kapena mwabwera kudzatigonthetsa m'makutu pamudzi pathu pano?"

Amayi aja anaseka. Bambo anayang'ana pansi. Mkamwini kutsutsana ndi mwini mbumba pagulu, masiku amenewo, kunali kudzimangira katundu wekha. Bambo anakhetsa oyilo wakale, nathira wa amalume.

Abale inu, injini inatonthola! Kugogoda kuja kunazilala, kungotsala kulira kofewa. Amalume anayenda mudzi wonse akudziguguda pachifuwa. Inenso ndinakondwa, ndinkati yachira.

Koma inali nyengo ya chisanu, ndipo chisanu cha ku Mchinji mumachidziwa. M'mawa uliwonse hendulo inkalemera, mpaka bambo ankachita thukuta asanailize. Kenaka m'mawa wina, matumba a chimanga chatsopano atandanda mpaka kumsewu, injini inalira pang'ono, n'kukuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo, n'kuima. Lamba wozunguza chigayo anangoti lende. Panamveka fungo la chitsulo chopserera.

Bambo sanakalipe. Anakhetsera oyiloyo m'beseni, nandigwira dzanja n'kuliviika momwemo.

"Tikita zalazo. Ukumva chiyani?"

"Mchenga, bambo."

"Si mchenga. Ndi injini yathu imeneyo, yadzidya yokha. Oyilo wolemera chonchi kukazizira sakwera msanga kukafika pamene zitsulo zikukhulana. Kugogoda kuja inali kutiuza pamene pakupweteka. Ife tinaitseka pakamwa."

Ananyamula beseni lija, nakalikhazika pakhonde pa amalume, n'kubwerera. Amalume sanalitchulepo mpaka imfa yawo. Koma chigayo chinakhala chitaima nyengo yonse yokolola, anthu n'kumapalasa njinga kukagayitsa kwina, ndipo ng'ombe zathu ziwiri zokoka ngolo zinapita kuti tigule zitsulo zatsopano. Ndinazilira ng'ombe zimenezo kuposa mmene ndinalirira anthu ena.

Ndakhala ndi zigayo moyo wanga wonse, ndipo kuyambira pamenepo palibe injini inaferapo m'manja mwanga, kafunseni. Lero anyamata a kabaza amaima pakhomo panga ndi njinga zawo zamoto. "Agogo, ikusokosa, tithire oyilo wolemera?" Ndimawakalipira mpaka a kutsidya amve. Oyilo amasinthadi kulira kwa injini, zimenezo n'zoona, koma thira amene anailembera, usinthe nthawi yake isanapitirire, ndipo ikagogoda katsegule uone. Ena amamva, ena amaseka n'kuthamangira kumsika. Osekawo ndimawaona pakapita miyezi, akukankha njinga pamsewu, ndipo ndimawapatsa moni mokweza.