Ngalande ya a Khudayir

Amuna anga, a Khudayir, anali okwera kanjedza pa chilumba chathu cha Abadan. Kuwerenga sankatha, koma mtengo wodwala ankauzindikira ali patali. Ndikulemba izi chifukwa adzukulu anga amva anthu akuseka za ngalande ya agogo awo, ndipo osekawo kunalibe.

Bambo a amuna angawo anali opalasa bwato. Kalekale, kalaliki wina wa Chiameniya wa padoko ankawatenga masiku opuma kuti amuyendetse mumtsinje wa Bahmanshir mpaka kunyanja, iye akujambula magombe ndi utoto wa madzi. Pochoka anawasiyira chithunzi chimodzi: munda wathu, ngalande yake, ndi kamzikiti kadothi pambali pake.

Nkhondo itabwera tinathawa nacho, chili chokulunga m'nsalu. Pobwerera, patapita zaka zisanu ndi zinayi, tinapeza akanjedza onse opanda mitu, ngalande zitakwiririka. Pa kamzikiti panatsala khoma limodzi. Kuno munda sudikira mvula. Nyanja ikadzaza imakankha madzi a mumtsinje kulowa m'ngalande kawiri pa tsiku, ndipo ngalande ikakhala pokwera, madzi salowa.

Alamu anga anatumiza ana a kanjedza makumi anayi. A Khudayir anawabzala, natulutsa chithunzi chija, nayeza mapazi kuchokera pa khoma, nayamba kukumba. Ine ndinkathirira ndi chitini podikira, koma chitini sichilera munda.

Mnansi wathu, a Haji Mizban, anawauza kuti ngalande yakale inali kutsogolo, kumene kwamera bango. A Khudayir anayankha kuti mutu wa nkhalamba umaiwala, pepala siliiwala.

"Bambo a Falih," anatero a Haji pa tsiku lachisanu la kukumbako, poitana amuna anga ndi dzina la mwana wathu, atakhala pa mulu wa dothi, "amenewa ndi manda a ndani? Ndikonzeretu zovala za pamaliro."

"Anu, Haji. Ndikutalikitsa kuti lilime likwanemo."

Anakumba masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Atatsegula kukamwa kwa ngalande, madzi analowa mikono itatu n'kuima. Madzulo anateronso. Masamba a ana aja anali atayamba kale kufiira.

A Haji anapempha kuona chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati iwo anapalasa mtsinjewo zaka makumi atatu, ndipo panalibe malo amene munthu akanaona mzikiti ndi ngalande zitayandikana chonchi. Kalaliki uja anachita kuikoka ngalandeyo kuti ikwane papepala. Amuna anga sanakhulupirire msanga. Sankamvetsa kuti munthu angakhale tsiku lonse akuyang'ana chinthu, n'kuchijambula pamene sichili. Ngakhale ine sindikumvetsa mpaka lero, ndipo amene akufuna kuseka akaseke kalalikiyo.

M'mawa mwake a Khudayir anapita okha kwa a Haji, khasu lili paphewa.

"Mundionetse pa bango paja."

"Pepala latopa?"

"Tiyeni, Haji, dzuwa likukwera."

Pamenepo dothi linali lakuda ndi lofewa, khasu likungolowa. A Haji anakumba nawo masiku onse asanu ndi limodzi, pakamwa osatseka. Madzi anafika mpaka kumapeto kwa munda. Mwa ana makumi anayi aja, khumi ndi mmodzi anagwira.