Kuperekeza Batate Kumapiri

Chaka chimene mafakitale a ku Kafue anayamba kuchotsa anthu ntchito, batate anali m'gulu loyamba. Anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, ovolosi ataipinda m'khwapa, n'kukhala pakhonde osavula nsapato. Pasanapite nthawi anayamba kudwala. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera ngakhale pochoka pampando kupita kuchimbudzi. Tinkakhala ku Estates, nyumba zogundizana za ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo akayamba kutsokomola, aneba ankamva kuseri kwa khoma. Kuchipatala anatipatsa mankhwala, kenako ena, mpaka dokotala anaitanira bamai pambali n'kuwauza kuti mtima wa batate watopa, chotsala n'kuwasamalira kunyumba.

Batate anamva okha, sanafunse munthu. Tsiku lina tikudya anakankhira mbale ya nshima kutali n'kunena kuti, "Nifuna kuyenda kwathu."

Kwawo kunali kumapiri, kuseri kwa Nakonde, kumene ine ndinali ndisanapondeko. Anachokako ali mnyamata kudzafuna ntchito, n'kukwatira bamai, mwana wa asodzi a ku Chanyanya. Ife ana tinakulira Chinyanja cha m'tauni. Chinamwanga cha batate tinkangochimva akakwiya. Bamai sakanatha kupita nawo. Nyumba za ku Estates zinali zitayamba kugulitsidwa kwa okhalamo, ndipo aliyense ankaopa kuti akachoka apeza mwalowa wina. Komanso nsomba zimene bamai ankagulitsa pamsika ndi zimene zinkatidyetsa tonse. Choncho ulendo unagwera ine, mwana woyamba, mtsikana amene ndinali nditangomaliza sukulu, ntchito yanga ili kuimba kwaya kutchalitchi chathu chimene chinkakumana m'kalasi.

Bamai anatumiza uthenga kwa azakhali, mlongo wa batate, kudzera mwa mayi wina wogula katundu ku Nakonde. Ngati unafika kapena ayi, palibe ankadziwa.

Inali nyengo yozizira. Pa siteshoni ya Kafue tinadikira mpaka miyendo kuuma, batate atakhala pachikwama, atafunda bulangete. Sitima itatulukira cha kumtsinje, bamai anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Uwafikise," anatero. "Usawasiye munjira pakati pa bantu osaziba. Wamvela?"

Ndinavomera mosaganiza. Sindinkadziwa kuti mawu amenewo alemera bwanji.

Mpaka ku Kapiri zinayenda bwino, kungoti sitima inkaima paliponse ndipo ine mtima unali m'mwamba. Ku Kapiriko tinkayenera kukwera sitima ina, ya kumpoto, imene sinkanyamuka tsiku lililonse. Tikanaiphonya tikanagona pasiteshoni masiku angapo ndi munthu wodwala. Titatsika ku Kapiri tinauzidwa kuti siteshoni inayo ili patali ndithu, ndipo anthu anali atayamba kale kuthamanga ndi mitolo yawo. Batate anayesa kuyenda, koma atangodutsa malo ogulitsira nthochi anaima, atagwira mtengo wa magetsi, pakamwa pali yasaa. Bambo wina wa wilibala anatiyang'ana n'kuyandikira.

"Ba mudala, kwelani apa. Palibe nsoni, ni ulendo."

Batate, munthu amene ankapita kuntchito atapolisha nsapato, anakwera wilibala ngati thumba la makala, atatseka nkhope ndi chipewa chifukwa cha manyazi. Ine ndinkathamanga pambali, chikwama pamutu. Tinalowa m'bogi sitima ikulira kale.

Munali modzaza. Ambiri anali azimayi a geni opita kumalire ndi zikwama zazikulu zopanda kanthu, ena anali amuna ochotsedwa ntchito ku migodi, akubwerera kumudzi ndi mabedi ndi mbaula. Tinapeza malo pabenchi pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Moyang'anana nafe munakhala bambo wa jekete lachikopa ndi mkazi wake ndi ana awiri. Batate sakanatha kugona chagada, chifukwa akatero mpweya unkatsekeka, choncho anachezera chokhala, atatsamira phewa langa, mphepo ikulowa pazenera ngati madzi.

Kutacha ndinawayang'ana n'kuchita mantha. Milomo inali itada. Mapazi anatupa moti ndinadula zingwe za nsapato ndi mpeni wa mayi wina. Akapuma, m'chifuwa munkamveka ngati madzi akuwira m'ketulo. Kunja dziko linali litasintha: mitengo yaifupi, udzu wautali wouma, nkhungu itagona m'zigwa, ndipo sitima inkamveka kuti ikukwera chitunda.

Bambo wa jekete uja anali atatiyang'anitsitsa kwa nthawi. Batate atatsokomola kwambiri, iye anakokera ana ake kumbali.

"Iwe mukazana, aba batate bako bali na TB. Mufuna kutipasa tonse?"

"Si TB, ni mutima," ndinayankha.

"Ndiwe dokota iwe?"

Anthu anayamba kutembenuka. Ena anaphimba mphuno ndi zitenje. Bamboyo ananyamuka, ndipo pobwera anali ndi gadi wa sitima, munthu wamtali wa imvi m'mbali mwa mutu. Ndinkayembekeza kuti atikalipira, koma anagwada n'kuyang'ana batate m'maso, kenako anadina phazi lawo ndi chala. Chala chinasiya dzenje.

Anandiitanira pakhomo la bogi, pamene panali phokoso la zitsulo, kuti ena asamve.

"Muyenda kuti?"

"Ku Nakonde, ba gadi. Kuchoka apo ni kumapiri."

Anapukusa mutu. "Mwana wanga, mvela. Manje tifika ku Kasama. Kuli chipatala chikulu. Kusogolo uku tikwela chabe, mpepo ni yoipa, ndipo kulibe chipatala pafupi na njanji. Bakafela mu sitima, nizakusisani pa siteshoni iliyonse yamene tizafika, olo ni pakati pa tchire, mulindile bapolisi. Uzachita bwanji weka na mutembo?"

Zimene ankanena zinali zoona, ndipo mumtima ndinkazifuna. Ndinkafuna bedi loyera, nesi, munthu wina woti anyamule katundu amene anali pamutu panga. Nditabwerera pabenchi, mayi wa geni amene anandibwereka mpeni anandigwira dzanja n'kundiuza mofatsa kuti nditsike nawo, Mulungu sadzandiimba mlandu.

Sitima inalowa mu Kasama. Anthu ogulitsa mbatata zophika ndi tiyi anathamangira kumazenera. Gadi anaima pakhomo akutidikira. Ndinatsitsa chikwama pashelefu, ndinapinda bulangete lina, kenako ndinawerama.

"Batate, tiyeni tisike. Baone chabe dokota, mawa tizapitiliza."

Sanandiyang'ane. Dzanja lawo linali litagwira chitsulo cha benchi, mitsempha itatuluka. Ndinayesa kulimasula, koma sindinathe. Munthu amene sankatha kunyamula kapu anagwira chitsulocho ngati anachiwotcherera.

"Batate, napapata," ndinawachonderera.

Anadikira kuti mpweya ubwere. Mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Mayo," anatero. Ankanditchula choncho akafuna kundinyengerera, popeza ndinatengera nkhope ya amayi awo. "Ukanisisa pano, sinizakwelanso. Naziba. Nifikise chabe."

"Nanga mukafela munjira?"

"Ndiye kuti nafela munjira ya kwathu."

Panja wina analiza wezulo. Bambo wa jekete anakweza mawu kuti bwanji sitikutsika. Ana ake anayamba kulira. Ine ndinaima pakati, chikwama m'manja. Ndinayesa kupemphera monga tinkachitira kutchalitchi, mokweza ndi molamula, koma sindinathe. Ndinangobweza chikwama pashelefu n'kukhala pansi.

Gadi anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti aitana apolisi a pasiteshoni atitulutse mokakamiza. M'malo mwake anapuma mozama n'kuuza amuna awiri amene anali pafupi kuti, "Nyamulani ba mudala, mubwele nao." Anatipititsa kukachipinda kake kumapeto kwa sitima. Munali kabenchi, nyali yofiira ndi mbendera zopindidwa, ndipo zenera lake linkatsekeka. Anatipatsa tiyi wa m'fulasiki yake n'kutuluka. Sitima inagwedezeka, Kasama inatsala m'mbuyo.

Ulendo wochoka pamenepo sindidzauiwala. Ndinakhala nditagwira dzanja la batate, maso ali pachifuwa pawo, kuona bulangete likukwera ndi kutsika. Nthawi zina linkaima, ine n'kuima nalo, kenako linkayambanso ndi kaphokoso. Masiteshoni ang'onoang'ono ankadutsa, ena kanyumba kamodzi kokha ndi mbuzi, ndipo paliponse ndinkadzifunsa kuti kodi ndi pano pamene atitsitse.

Dzuwa litapendeka, sitima inaima pakati pa tchire popanda siteshoni. Injini inazima. Kunangoti zii, kumveka mphepo yokha mu udzu. M'bata limenelo ndinazindikira kuti phokoso la m'chifuwa cha batate silikumveka. Mutu wawo unali utagwera kuzenera, maso otsegula. Ndinaopa kuwagwedeza. Ndinaganiza kuti ndikapanda kuwakhudza, ndikapanda kuuza munthu, mwina tingafike ku Nakonde gadi asanadziwe. Ndinakhala choncho, dzanja lawo lozizira lili m'manja mwanga, misozi ikutsika yokha.

Kenako milomo yawo inagwedera. Ananena mawu a Chinamwanga amene sindinawamve, n'kukweza chala pang'ono kuloza kunja. Kutali, kuseri kwa mitengo, kunkaoneka mzere wa mapiri obiriwira motuwa.

"Kwathu ni kuseli kwa yaja," ananong'ona.

Ndinaseka ndikulira nthawi imodzi, mpaka gadi anasuzumira kuti aone chachitika n'chiyani.

Ku Nakonde tinafika madzulo, kunja kukadali kowala. Mphepo ya kumeneko inali yobaya m'mafupa, yodzaza fumbi lofiira. Anthu anali piringupiringu, osintha ndalama akukuwa, onyamula katundu akukankhana. Gadi anatithandiza kutsika, anagwira batate paphewa, n'kubwerera kuntchito yake. Ndinawakhazika pachikwama, atatsamira khoma, n'kuyamba kuyang'ana nkhope za anthu, ngakhale kuti azakhali ndinali ndisanawaonepo. Palibe anatiyandikira. Ndinafunsa anthu angapo za mudzi wa batate. Wina analoza kum'mawa, wina anati galimoto za kumeneko zinapita kale. Siteshoni inayamba kuchepa anthu, ndipo batate anayamba kunjenjemera.

Pamenepo panadutsa mayi wamfupi wachikulire, atavala jasi lachimuna, akutsatidwa ndi amuna awiri. Ankasuzumira m'mazenera a mabogi, kenako anabwerera atagwa mphwayi. Anatidutsa pafupi kwambiri, anayang'ana batate, n'kupitirira. Batate anadzikoka, n'kuitana ndi mawu amene sindinkadziwa kuti akadali nawo. Linali dzina la paubwana, la kunyumba. Mayiyo anaima ngati wamenyedwa. Anatembenuka, anayang'anitsitsa, kenako anagwada pafumbi n'kugwira mapazi otupa aja, akulira mokweza. Anali azakhali. Uthenga unafika, koma wopanda tsiku, choncho ankabwera kudzachingamira sitima iliyonse. Azakhali ankamukumbukira mlongo wawoyo ali wonenepa, wa ndevu zakuda, n'chifukwa chake sanamuzindikire.

Tinagona kwa wachibale wina m'tauni momwemo. M'mawa tinakwera lole yonyamula feteleza, batate atakhala kutsogolo ndi dalaivala. Msewu unkakhotakhota ukukwera, makutu anga akutsekeka. Pamene lole inathera, amuna aja, amene anali ana a azakhali, anamanga machira ndi mitengo iwiri ndi bulangete. Tinakwera phiri wapansi. Ine mwana wa m'chigwa cha Kafue ndinkapuma mwabefu, ndikuima pafupipafupi, pamene iwo ankayenda ndi katundu wawo akucheza. Batate ali m'machira ankafunsa za minda imene tinkadutsa, kuti uwu ndi wa yani tsopano, mtengo uja unadulidwa liti.

Mudziwo unali nyumba zochepa pamsana pa phiri, mitambo ikudutsa m'munsi mwake. Anthu anatuluka akuwomba m'manja, ena akulira. Anawakhazika batate pampando wachikopa padzuwa, ndipo tsiku limenelo anadya nshima ya mawere pang'ono ndi nyemba.

Sanachire. Koma anakhala mpaka mvula yoyamba, ndipo ine ndinakhala nawo. M'mawa uliwonse tinkawatulutsa panja, anzawo akale n'kumabwera kudzakhala nawo, akulankhula chinenero chimene ndinkangotolamo mawu apa ndi apo. Anamwalira m'mawa wina azakhali akuwasambitsa kumaso, ndipo tinawaika m'munsi mwa mudzi, pafupi ndi makolo awo.

Tsiku lobwerera, azakhali anandisenzetsa kathumba ka nyemba n'kundiperekeza mpaka kumsewu wa lole. Njira yonse yotsika phiri ankandilankhula m'Chinamwanga osapumira, nthawi zina akuseka, nthawi zina akupukuta maso ndi jasi lawo lija. Sindinamve zambiri. Ndinkangovomera kuti "eya, eya," iwo n'kumapitiriza. Lole itabwera anandikankhira m'mwamba ndi manja awo awiri, ndipo ankalankhulabe pamene inkanyamuka.