Chitenje pa Laputopu

Bambo anga ankaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu ku Mwambo. Nyimbo zawo za Chilomwe anazilemba m'kope limodzi, ndi zizindikiro zoti ankaziwerenga iwo okha. Maso awo atayamba ng'ala, tonse tinadziwa kuti kopelo posachedwa lisanduka lokulungira matemba.

Ine ndinali nditaphunzirako za kompyuta ku Zomba, ndiye ndinkadzimva ndithu. Ndinabwera ndi laputopu yakale kuti tilembemo nyimbozo bambo akadaona. Koma pulogalamu yolembera manotsi a nyimbo inakana kulowa, ati makinawo ngokalamba. Ndinakatenga pa fulashi malemba amene anthu opanga pulogalamuyo analemba, kuti laputopu iwasandutse yokha pulogalamu. Zili ngati kugula mpunga wosapuntha, kupunthako n'kwako. Pa makina angawo ntchitoyo inkafuna tsiku lathunthu.

Ndinkaiyambitsa m'mawa sola ikagwira dzuwa, n'kupita kudimba. Pobwera ndinkaipeza itazima, ntchito itadukira panjira, ndipo ndinkayambanso pachiyambi poopa kuti zina zawonongeka. Masiku atatu zinatero. Ndinatukwana sola, ndinatukwana munthu amene anandigulitsa batire ku Songani, wosalakwa.

Tsiku lachinayi ndinabwerera msanga. Ndinapeza laputopu itakulungidwa bwinobwino m'chitenje cha amayi chopitira kutchalitchi, ikulira, yotentha ngati mbaula. Chaka chimenecho nyanja ya kwathuko inali itaphwa, fumbi likulowa mpaka m'mabokosi a zovala. Kwathu chinthu chamtengo timachifunditsa, kaya wailesi, kaya makina osokera. Ikazima ndi kutenthako n'kusiya kulira, amayi ankaivundukula poganiza kuti yamaliza.

Ndinawakalipira, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi. Iwo sanakweze mawu.

"Ndimati fumbi lingaiphe, mwanawe. Ndi ya nyimbo za abambo akotu."

Nditawafotokozera kuti makinawa amafuna mpweya, anaikhazika pa njerwa ziwiri, n'kukhala pambali pake tsiku lonse akuikupiza ndi lichero. Ndinawauza kuti njerwazo zakwanira, koma sanachoke. Zilembo zinkangoyenda pa sikirini, iwo osadziwa kuwerenga, maso ali pomwepo. Dzuwa litapendeka, pulogalamu inatseguka.

Tinayamba mawa lake. Bambo ankaika kope pafupi ndi mphuno n'kumatchula notsi imodziimodzi, ine ndikulemba. Laputopu ikaimba, ankaidzudzula ngati mwana wa kwaya wosamva. Tsiku lililonse ankawerenga mochepa kuposa dzulo lake. Titatsala ndi masamba awiri, anatseka kope n'kunena kuti akungoona utsi. Anayesa kuzikumbukira nyimbo ziwiri za pa masambawo, koma zinkangowathera pakati.

Amayi amati masiku atatu aja ndi amene anadya nyimbozo, ndipo mlandu ndi wawo. Ine ndimawatsutsa nthawi zonse. Ndinakhala nawo nyumba imodzi masiku onsewo, osawauza ngakhale kamodzi chimene makinawo ankachita. Chitenje chija sanapitenso nacho kutchalitchi.